Kumvetsera magule a Dvořák pa mbale yakale ya galamafoni

M'nyumba zingapo za anthu akwathu kuno ku Harare, makamaka m'malokeshoni akale monga Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku, mudakali marediyogilamu, makabati aja okhala ndi wailesi ndi galamafoni pamodzi, amene agogo athu anagula atabwera kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito, mzinda uno ukutchedwa Salisbury. Ambiri mwa marediyogilamuwo anasanduka poikapo maluwa ndi zithunzi zaukwati, koma mukatsegula kabati yam'munsi mumapezamo mulu wa mbale zakuda, ndipo pakati pa mbale za rumba, za simanjemanje ndi za makwaya nthawi zina pamapezeka imodzi ya okestra, imene mwina agogo anasiyiridwa ndi abwana awo pamene abwanawo ankasamuka. Mbale yotere imakhala isanakalambe kwenikweni chifukwa panalibe amene ankaiika. Anthu ankaziona ngati nyimbo zomvera munthu atakhala phee, atapinda manja, ndipo maganizo amenewa ndimawakana kwamtuwagalu pa nkhani ya magule a Antonín Dvořák, amene pa chikuto amalembedwa kuti Slavonic Dances. Amenewa ndi magule enieni, ndipo munthu amene anakulira pafupi ndi ng'oma ali nalo kale khutu lowamvera. Chimene chimafunika ndi kukonza bwino mbaleyo pamodzi ndi makina ake, kenako kudziwa poti mugwire nyimboyo ikayamba.

Dvořák anabadwa mu 1841 m'mudzi wa Nelahozeves, kumpoto kwa mzinda wa Prague, m'dera la Bohemia, m'dziko limene lero ndi Czech Republic. Bambo ake anali ndi butchala ndi nyumba ya alendo, moti mnyamatayo anakula akumva nyimbo zovina za anthu wamba, ndipo atakula anakhala zaka zambiri akuimba viola, chida chazingwe chokulirapo pang'ono kuposa vayolini, m'gulu la oimba la panyumba ya zisudzo ku Prague, dzina lake lisanamveke kunja. Johannes Brahms, amene magule ake a ku Hungary anali atagulidwa kwambiri, ndi amene anamulankhulira kwa Fritz Simrock, wosindikiza nyimbo wa ku Berlin, ndipo Simrock anapempha Dvořák kuti amulembere magule a mtundu womwewo. Magule 8 oyamba, amene pa mndandanda wa nyimbo zake ali ndi nambala ya Op. 46, anatuluka mu 1878, poyamba olembedwera anthu awiri oimba pa piyano imodzi, kenako okonzedwera okestra ndi mwiniwake yemweyo. Ena 8, a Op. 72, anatsatira mu 1886. Brahms anagwiritsa ntchito machuni amene anawamva kwa oimba ena, pamene Dvořák sanabwereke chuni cha munthu: anatenga kagundidwe ndi kapondedwe ka magule a anthu ake n'kupeka machuni akeake pamwamba pake. N'chifukwa chake womvetsera ayenera kuyambira pa kagundidwe, pakuti ndi pamene pali mudzi wa Dvořák.

Magule 16 onsewa amatenga mphindi pafupifupi 70, pamene mbali imodzi ya mbale ya LP, imene kampani ya Columbia inayambitsa mu 1948, imanyamula mphindi zongopitirira 20. Choncho kawirikawiri Op. 46 imadzaza mbale yakeyake, magule anayi mbali iliyonse, ndipo Op. 72 imakhala pa ina. Ngati m'kabati ya agogo mulibe, mukhoza kuyesa kwa ogulitsa zinthu zakale pamsika wa ku Avondale kapena ku Mbare, ndipo musaipitirire chifukwa chakuti chikuto chalembedwa m'chinenero china: a ku Prague amalemba kuti Slovanské tance, a ku Germany amalemba kuti Slawische Tänze. Mbale imene ine ndimaiika patsogolo ndi ya Václav Talich, amene anajambula magulewa mu 1950 ndi gulu la Czech Philharmonic pansi pa kampani ya Supraphon. Gulu limeneli linaimba koyamba mu Januwale 1896 lotsogozedwa ndi Dvořák mwiniwake, ndipo Talich analitsogolera kwa zaka pafupifupi 20 kuyambira mu 1919. Ya Karel Šejna, ya gulu lomwelo mu 1959, ili ndi ubwino wakuti ndi ya sitiriyo, kutanthauza kuti sipika yakumanzere ndi yakumanja zimatulutsa mawu osiyana. Mukapeza ya George Szell ndi Cleveland Orchestra, ya m'ma 1960, kapena ya Rafael Kubelík ndi okestra ya wailesi ya ku Bavaria pa Deutsche Grammophon, ya m'ma 1970, gulaninso osazengereza.

Musanapereke ndalama, pemphani wogulitsa kuti muitulutse mbaleyo m'chikuto. Igwireni m'mphepete ndi chala chachikulu, zala zina zitachirikiza pa pepala lapakati, ndipo muipendeketse pang'onopang'ono pa kuwala kwa dzuwa. Timizere timene singano imayendamo tikakhala tamoyo timanyezimira ndi mtundu wakuda bii, pamene timene tinadyedwa ndi singano yotha timaoneka totuwa, ndipo kutuwako kumayambira pa malo amene okestra imaimba mwamphamvu. Mukaona chipsera chodutsa timizere, chisisiteni mopepuka ndi nsonga ya chala; ngati chala chachimva, ndiye kuti khutu lidzachimvanso, ndipo phokosolo lidzabwerezabwereza pa masekondi 1.8 aliwonse, pakuti imeneyo ndiyo nthawi imene mbale imatenga kuti izungulire kamodzi. Yang'ananinso mozungulira bowo lapakati, chifukwa timikwingwirima tambiri pa pepalalo timasonyeza kuti mbaleyo inaikidwa kambirimbiri ndi munthu wosasamala. Pomaliza ikwezeni mulingane ndi maso kuti muone ngati yapindika. Ogulitsa ena amayala mbale padzuwa, ndipo dzuwa la mu Okutobala silichedwa kuipinda mbale mpaka singano kumalumpha.

Mukafika nayo kunyumba musathamangire kuiika. Fumbi limene lakhala m'timizere kwa zaka 50 likakumana ndi singano limakhala ngati likupala makoma a timizereto, ndipo zikawonongeka sizibwereranso. Tengani madzi osungunula, aja amagulitsidwa kuti azithiridwa m'batire ya galimoto, koma muonetsetse kuti ndi madzi okhaokha opanda asidi, muthiremo kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira ziwiya, ndipo mupukute ndi kansalu kofewa motsatira mmene timizere tazungulirira, osati modutsa. Madzi a m'chitsime kapena a pa mjigo, amene ambiri timadalira mu mzinda uno, amasiya mchere woyera m'timizere akauma, ndipo mcherewo umamveka ngati kuthetheka. Pepala lapakati lisanyowe. Mukatsukuluza ndi madzi ena oyera a mtundu womwewo, iimikeni pamthunzi kuti iume yokha. M'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene mpweya wa Harare umauma kwambiri, mbale imakoka fumbi ndi ubweya wa zovala mukangoitulutsa, choncho ndi bwino kuidutsitsa kaburashi kofewa nthawi iliyonse musanatsitse singano. Posunga, iimikeni chilili, kutali ndi zenera ndi denga, m'malo amene chinyontho cha nthawi ya dzinja, mphemvu ndi chiswe sizingafike pa chikuto.

Makina ndi amene amawononga mbale zambiri, ndipo pano ndiyenera kulankhula mosabisa za rediyogilamu ya agogo. Ambiri mwa makina amenewo ali ndi mkono wolemera ndi singano imene sinasinthidwepo, ndipo ena anapangidwa mbale za sitiriyo zisanafale mu 1958. Singano ya makina akale otere imayenda cham'mbali chokha, pamene kamzere ka sitiriyo kamafuna kuti iziyendanso chokwera ndi chotsika, motero imakanda makoma onse awiri. Palinso chizolowezi chija chosanjika kobiri pamutu pa mkono kuti singano isalumphe. Ngati amalume kapena agogo afuna kuchita zimenezi, apempheni mwaulemu kuti alichotse, chifukwa singano ya makina abwino imafuna kulemera kwa magalamu apakati pa 1.5 ndi 2.5 basi, ndipo kobiri limodzi limaposa pamenepo. Singano ikamalumpha, vuto limakhala litsiro, kupindika kwa mbale, tebulo lopendekeka kapena kutha kwa singanoyo. Singano ya dayamondi imayamba kutha ikagwira ntchito maola mazana angapo, ndipo pa makina ogula kwa munthu wina ndi nzeru kuisintha musanaiikepo mbale imene mumaikonda.

Liwiro la makina liyenera kuyesedwa, chifukwa gule akachedwa kapena kuthamanga amasanduka gule wina. Mbale ya LP imazungulira maulendo 33⅓ pa mphindi, kutanthauza maulendo 100 ndendende pa mphindi zitatu. Ikani kapepala kakang'ono m'mphepete mwa choikapo mbale, tengani wotchi ya pafoni, ndipo muwerenge. Mukapeza maulendo 97 kapena 98, mwina lamba wa mota watambasuka. Mukapeza pafupifupi 83, ndiye kuti makinawo anapangidwira ku America, kumene magetsi ndi a 60 Hz, ndipo mota yake imatsata magetsi athu a 50 Hz, moti nyimbo yonse imatsika mawu ndi kukwawa. Thiransifoma yosintha mavoti siithetsa vuto limeneli. Magetsi akazima n'kuyamba kugwiritsa ntchito invata, dziwani kuti mainvata otsika mtengo amalowetsa kulira kwa "mmm" m'masipika. Waya wochokera ku galamafoni ulowe pa khomo la amplifaya lolembedwa kuti PHONO, chifukwa pojambula mbale mawu a besi amachepetsedwa dala kuti timizere tisatenge malo ambiri, ndipo khomo limeneli ndi limene limawabwezeretsa. Mukaulowetsa pena, okestra yonse imamveka yoonda ndi yakutali. Kawaya kakang'ono kopita pa chitsulo cha kumbuyo kwa amplifaya musakaiwale, pakuti kamathandiza kuchepetsa kulira kwa mtundu umenewu.

Zonse zikakhala m'malo, werengani kumbuyo kwa chikuto kuti mudziwe mndandanda wa magule, chifukwa mbale zina zimasinthanitsa gule wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi wa Op. 46. Zimitsani TV, ikani foni patali, ndipo mukonzeke kumva mbali yonse osanyamula singano. Mukaitsitsa mudzamva kaye kaphokoso kochepa ka kamzere kopanda kanthu, choncho musakweze voliyumu potengera kaphokosoko, chifukwa gule woyamba amayamba ndi okestra yonse kugunda kamodzi mwamphamvu, ng'oma ndi zitsulo zomenyanitsa zili momwemo.

Gule woyambayu ndi furiant, gule wothamanga wa ku Bohemia, ndipo ndi pamene khutu lathu limapambana. Pa pepala analembedwa kuti aziwerengedwa katatukatatu, koma chuni chake chimayamba ndi kuponda kawirikawiri, kenako n'kubwerera ku katatu. Gogodani patebulo motere: 1-2, 1-2, 1-2, 1-2-3, 1-2-3. Mukaphatikiza mupeza kugunda 12, kumene theka lake lagawidwa pawiripawiri ndipo theka linalo patatupatatu. Aliyense amene anaimapo pabwalo ng'oma zikulira, kaya ndi pa chimtali, kaya ndi pa Gule Wamkulu amene amavinidwa m'malokeshoni mwathu muno, kapena amene anamvetserapo mbira za anzathu Achishona, amadziwa kuti kugunda 12 kukhoza kugawidwa m'njira ziwirizi. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu njira ziwirizi zimalira nthawi imodzi, ng'oma ina ikugwira ziwiri pamene manja akuwomba zitatu, koma mu furiant zimasinthana, ina ikatha ina n'kulowa. Atsibweni a mnzanga wina ku Dzivarasekwa, amene anaimba ng'oma kuyambira ubwana wawo, atamva gule ameneyu koyamba anayamba kugogoda pa mkono wa mpando chuni chisanabwereze kachiwiri, ndipo anati, "Mwana wanga, bwezera pomwe paja, awa akutembenuza phazi pakati pa njira." Chitani zimene anachita iwo. Ulendo woyamba tsatani chuni ndi dzanja, ulendo wachiwiri pondani katatukatatu ndi phazi osasintha pamene dzanja likutsata chuni, ndipo mudzamva m'thupi mwanu kukokana kumene kumampatsa moyo gule ameneyu.

Wachiwiri ndi dumka, amene gwero lake ndi nyimbo zodandaula za ku Ukraine. Amayamba mofatsa ndi mwachisoni, kenako mosayembekezereka amathamanga mosangalala, n'kubwereranso ku chisoni chija, monga zimakhalira pa maliro a munthu amene wafa atakalamba, pamene nyimbo zolira zimasanduka zovina usiku ukakula. Apa mverani makamaka mphindi imene liwiro likusintha, chifukwa ndi pamene luso la wotsogolera gulu limaonekera. Wosadziwa amasintha ngati wadula ndi mpeni, pamene Talich amachedwetsa pang'ono, gulu lonse n'kupuma naye limodzi, kenako n'kulimasula.

Polka, gule woponda kawirikawiri, safuna kufotokoza kwambiri, ndipo ana a m'nyumba amamugwira msanga kuposa akuluakulu. Sousedská ndi gule wa katatu woyenda modekha, amene ankavinidwa ndi anthu achikulire paukwati, ndipo sayenera kumveka ngati wa m'nyumba ya mfumu. Kuponda koyamba kukhale kolemera, kwa munthu amene wagwira ntchito tsiku lonse. Mukatembenuza mbale mudzapeza magule awiri a mtundu wa skočná, olumphalumpha. Pa wachisanu ndi chiwiri tcherani khutu poyambirira penipeni: oboe, chitoliro cha mawu owonda olasa, imayamba chuni, ndipo bassoon, ya mawu okhuthala apansi, imayamba chuni chomwecho mochedwerapo pang'ono n'kumaitsata pambuyo osaipeza. Yesani kusiya yotsogolayo n'kutsata yotsalirayo yokha. Zimavuta poyamba, koma amene anaimbapo m'kwaya mmene ena amatsogola ena n'kumapolokezana nawo sachedwa kuzolowera, ndipo mukatha kuchita zimenezi mudzayamba kumva zida zapakati zimene poyamba zinkabisika.

Gule wachisanu ndi chitatu ndi furiant winanso, waukali kuposa woyamba, amene amasinthasintha pakati pa mawu amdima ndi owala m'kanthawi kochepa. Iyeyu amakhala kumapeto kwa mbali yachiwiri, pafupi ndi pepala lapakati, ndipo malo amenewa ndi ovuta kwa singano. Kumphepete kwa mbale kamzere kamadutsa pansi pa singano pa liwiro la masentimita pafupifupi 50 pa sekondi, koma pafupi ndi pakati liwirolo limatsika kufika pa masentimita ongopitirira 20, kotero kuti mawu ochuluka omwewo amapanikizana pa malo ochepa. Ngati mavayolini ndi zitsulo zikumveka zosasa pa gule ameneyu pamene zinali zoyera pa gule wachisanu, musaweruze oimba. Singano yatha, yakhota kapena yanyamula ubweya kunsonga.

Mbale ya Op. 72 muisungire tsiku lina. Magule ake analembedwa Dvořák atatchuka kale, ndipo anatambasula dzanja kupitirira Bohemia: woyamba ndi odzemek wa abusa a nkhosa a kumapiri a Slovakia ndi Moravia, wachisanu ndi chimodzi ndi polonaise wa ku Poland, wachisanu ndi chiwiri ndi kolo wa ku Serbia, amene amavinidwa anthu atapanga bwalo. Wachiwiri ndi amene amadziwika kwambiri, ndipo otsogolera ena amamukoka mpaka amaiwalika kuti ndi gule. Pomumvera, siyani kaye mavayolini amene akuimba chuni, mutsate zingwe zodoledwa ndi chala pansi pake, chifukwa ndi zimene zikugwira phazi.

Mbale ya Talich ndi ya mono, kutanthauza kuti masipika onse awiri amatulutsa zofanana ndipo okestra imamveka ngati ili pakati. Ngati amplifaya yanu ili ndi batani la mono, lidineni, ndipo mudzaona kuti kuthetheka kwa mbale kwachepa. Pa mbale za sitiriyo khalani pakati pa masipika, motalikirana nawo mofanana ndi mmene iwo atalikirana, ndipo kawirikawiri mudzapeza mavayolini oyamba kumanzere, zingwe zikuluzikulu za besi kumanja, zitoliro pakati ndi ng'oma kumbuyo. Kaphokoso kochepa kamene kamatsala ngakhale mutatsuka bwino kasakutayitseni mtima, chifukwa khutu limakasiya lokha gule akangogwira.

Mukadzakhala ndi mbale ziwiri za otsogolera osiyana, ikani gule mmodzi yemweyo pa zonse ziwiri motsatizana, ndipo ndingakulangizeni kuyamba ndi furiant woyamba uja. Kwa Szell zonse zimagwa pa nthawi yake ndendende, zida zonse zimayamba ndi kuleka ngati munthu mmodzi, ndipo palibe chimene chimabisika. Ndi mbale yabwino kwambiri yophunzirirapo mmene Dvořák anagawira ntchito pakati pa zida. Kubelík, amene anachoka kwawo mu 1948 n'kukhala kunja kwa zaka zoposa 40, amathamanga ndi moto wambiri. Kwa Talich ndi Šejna zitoliro zili ndi mawu akeake, okhala ngati a panja, ndipo kugunda kwachiwiri ndi kwachitatu sikufanana kulemera, moti phazi limadziwa lokha poti litere. Mawu a mbale ya 1950 ndi opapatiza poyerekeza ndi a enawo, ndipo ng'oma zake sizimveka mozama, komabe ikadzapezeka mbale imodzi yokha yoti ndisankhe pa zinayi, ndidzatenga ya Talich, ndipo ya Szell ndidzaibwereka kwa mnzanga pofuna kumvetsa chimene bassoon ikuchita pa gule wachisanu ndi chiwiri.